Mawondo Akuwawa? Phunzirani Kupalasa Njinga Yamagetsi pa Mlingo Woyenera

Ndine katswiri wa zamankhwala ndipo ndimagwira ntchito mu famase ina kuno ku Blanchardstown, m'dera la Dublin 15. Chaka chatha kunkabwera mayi wina wakwathu, wazaka za m'ma 50, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndasintha zina n'zina pa nkhani yawo kuti asadziwike. Sabata iliyonse mayiwa ankagula paketi ya ibuprofen, amene kwathu timangoti bufeni. Tsiku lina ndinawapempha kuti tilowe m'kachipinda kokambiranamo, n'kuwafunsa kuti, "Mayi, kodi mankhwalawa mwakhala mukumwa kuyambira liti?" Iwo anati, "Mwananga, miyezi ndinasiya kuwerenga. Ndikapanda kumwa, masitepe a kuntchito sindingakwere. Nanga ndikasiya ntchito, fizi ya ana kumudzi alipira ndani?"

Titayang'ana mankhwala ena amene ankamwa, tinapeza kuti analinso pa mitundu iwiri ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kuphatikiza amenewo ndi bufeni wa tsiku ndi tsiku kukanatha kuwononga impso zawo mwakachetechete. Ndinawatumiza kwa dokotala wawo wa GP, amene anawayeza magazi n'kuwatumizanso kwa dokotala wa mafizo. Pa zinthu zimene zinawathandiza kuchepetsa mapiritsi, china chinali njinga yamagetsi.

Phunziro lino likufotokoza mfundo imodzi. Bondo lowawa limafuna kuyendetsedwa, koma pa mlingo wake, monga mmene mankhwala alili. Ukapereweza sathandiza, ukapyoza amavulaza. Ubwino wa njinga yamagetsi ndi wakuti imakupatsani njira yoyezera mlingo umenewo.

Kodi m'bondo mukuchitika chiyani?

Pali matenda angapo amene kwathu timangowatcha nyamakazi. Ofala kwambiri ndi amene madokotala amawatcha osteoarthritis. Pamene mafupa awiri akumana, nsonga ya fupa lililonse imakhala ndi kachikuto koyera ndiponso kosalala, ngati kaja timakukuta kumapeto a fupa la nkhuku. Kachikuto kameneka kamathandiza kuti mafupa asamakhulane. Munthu akadwala osteoarthritis, kachikutoka kamayamba kuperepeseka, fupa la pansi pake limasintha, bondo limatupa nthawi zina, ndipo minofu yozungulira imafooka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa iwo 365 miliyoni vuto linali m'mawondo. Odwala 60 pa 100 alionse ndi akazi.

Ambiri amaganiza kuti bondo lili ngati tayala la galimoto, loti ukaliyendetsa kwambiri limatha msanga, choncho ndi bwino kulisunga. Maganizo amenewa ndi olakwika. Kachikuto kaja kalibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachokera m'madzi a m'bondo, ndipo madziwo amalowa ndi kutuluka bondo likamapindika ndi kuwongoka, ngati siponji imene ukuifinya n'kuisiya. Komanso minofu ya pantchafu ndi imene imalandira katundu wambiri tikamaponda. Munthu akamangokhala chifukwa cha ululu, minofu imafooka, thupi limanenepa, bondo limasenza katundu wochuluka, ululu n'kuwonjezeka.

N'chifukwa chake malangizo a madokotala amene bungwe la NICE la ku England linatulutsa mu October 2022 amaika masewera olimbitsa thupi ndi kuchepetsa kunenepa patsogolo pa mankhwala. Amanenanso kuti ululu ukhoza kukwera pang'ono poyamba, koma munthu akapitiriza umatsika.

Wina anganene kuti, "Koma ine ndimakhala chiimire shifiti yonse, masewera oposa pamenepo ndi ati?" Kuima maola 12, kuwerama ndi kunyamula odwala kumatopetsa mawondo, koma sikuwalimbitsa. Chimene bondo likusowa ndi kuyenda kofewa, kobwerezabwereza, kopanda kugunda pansi.

Bwanji njinga, nanga bwanji yamagetsi?

Ofufuza a ku Berlin anayeza katundu amene bondo limasenza pogwiritsa ntchito mawondo ochita kuika okhala ndi timakina toyezera. Anapeza kuti poyenda pansi bondo limasenza katundu woposa kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri ndi theka, potsika masitepe kuposa katatu, koma popalasa njinga mofatsa katunduyo amangofanana ndi kulemera kwa thupi kapena kuposerapo pang'ono. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: thupi lakhala pa chishalo, miyendo ikungozungulira. Kafukufuku wina wa ku America amene anatuluka mu 2024, wokhudza anthu oposa 2,600, anasonyeza kuti anthu amene anapalasapo njinga pa moyo wawo sankadandaula kwambiri za mawondo poyerekeza ndi amene sanapalasepo.

Komabe njinga yakapalasa ili ndi nthawi zitatu zimene imapweteka bondo: ponyamuka pa maloboti, pokwera chitunda, ndiponso mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo, zimene kuno ku Dublin n'zosasowa. Pa nthawi zimenezi munthu amakanikiza pedulo ndi mphamvu zonse. Njinga yamagetsi ili ndi mota imene imathandiza pamene mukupalasa pokha. Mukasiya kupalasa nayonso imaleka. Pa handulo pamakhala batani losankhira kuchuluka kwa thandizo. Tsiku limene bondo lili bwino mumachepetsa thandizo, tsiku limene ladzuka moipa mumawonjezera. Simuopanso kuti mukapita patali mulephera kubwerera.

Ena amaiseka kuti ndi njinga ya alesi. Mu 2018 ofufuza a pa University of Bristol anaunika kafukufuku wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti thupi limagwira ntchito pa njinga yamagetsi kuposa poyenda pansi, ngakhale kuti silifika pa njinga yakapalasa. Mu 2019 kafukufuku wa anthu oposa 10,000 m'mizinda 7 ya ku Ulaya anasonyeza kuti okwera njinga zamagetsi amalimbitsa thupi pafupifupi mofanana ndi okwera zakapalasa, chifukwa amayenda mitunda italiitali.

Yambani mwaonana ndi dokotala ngati muli ndi zizindikiro izi

Si ululu uliwonse wa m'mafupa umene uli osteoarthritis. Nthawi zambiri matendawa amagwira anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo, ululu umabwera pogwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30. Safunsa anadya phula, choncho musagule njinga musanafunse ngati muli ndi chimodzi mwa izi:

- Bondo kapena mfundo ina yatupa mwadzidzidzi, yatentha, ndipo thupi nalo latentha. Pitani tsiku lomwelo ku chipatala cha odwala mwadzidzidzi, monga ku Connolly Hospital.
- Zala ndi manja zimatupa mbali zonse ziwiri, ndipo m'mawa zimauma kupitirira mphindi 30. Imeneyi ikhoza kukhala nyamakazi ina, yotchedwa rheumatoid arthritis, imene imafuna mankhwala msanga.
- Ululu wa msana, chiuno kapena bondo umakudzutsani usiku, mukuonda, ndipo mukutuluka thukuta usiku. Chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa, ndiye muuzeni dokotala kuti munakulira ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique.
- Muli ndi matenda a sickle cell ndipo nyonga yayamba kuwawa.
- Katumba wa mwendo umodzi watupa ndipo akuwawa, makamaka mutangobwera pa ulendo wautali wa pandege. Magazi akhoza kukhala ataundana mumtsempha.
- Bondo limakanirira osawongoka, kapena limafooka mwadzidzidzi mpaka kufuna kugwa.
- Mumamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena befu mukangoyenda pang'ono.

Ngati munachitidwa opaleshoni yoika bondo kapena nyonga, dokotala amene anakuchitani opaleshoniyo ndi amene anene nthawi yoyambira. Pa ngozi iliyonse imbani 112 kapena 999.

Zimene lamulo la ku Ireland limanena

Kuyambira pa 20 May 2024, malamulo ochokera mu Road Traffic and Roads Act 2023 anasiyanitsa njinga zamagetsi. Njinga imene mota yake siposa mawati 250, imene imathandiza pokhapokha mukupalasa, ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola, imatengedwa ngati njinga wamba. Simufunika laisensi, msonkho wa pamsewu kapena inshulansi, ndipo mukhoza kuyenda m'njira za njinga. Yamphamvu kuposa pamenepa, kapena yotha kuthamanga yokha popanda kupalasa, ili m'gulu lina lofuna kulembetsa ndi msonkho, ndipo zina zimafunanso laisensi ndi inshulansi. Chenjerani ndi njinga zotchipa za pa intaneti zokhala ndi chopotokola ngati cha njinga yamoto. Kuwonjezera pa kukulowetsani m'mavuto ndi a Garda, sizithandiza bondo chifukwa mwendo sugwira ntchito.

Kukada, lamulo limafuna nyali yoyera kapena yachikasu kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RSA limalimbikitsa kuvala helimeti, ndipo inenso ndikuti valani. Mwayi wathu ndi wakuti kuno magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu.

Njinga zimenezi n'zodula. Zambiri zimaposa €1,000 ndipo zina zimapitirira €3,000. Ngati muli pa ntchito yolembedwa, funsani abwana anu za Cycle to Work Scheme, imene inayamba mu 2009. Kampani imalipira kusitolo, kenako imakudulani pa malipiro msonkho usanachotsedwe, kwa miyezi yosapitirira 12. Malire ake ndi €1,250 pa njinga wamba, €1,500 pa yamagetsi ndi €3,000 pa njinga yonyamulira katundu kapena ana, ndipo helimeti, nyali ndi loko zimalowa momwemo. Mwayiwu umabwera kamodzi pa zaka 4 zilizonse, njingayo iyenera kugwira ntchito makamaka pa ulendo wa kuntchito, ndipo kampani sikakamizidwa kulowa m'ndondomekoyi.

Kusankha ndi kuchuna njinga

Musagule njinga imene simunaikwerepo. Pemphani a sitolo kuti muiyese, ndipo onani zinthu izi.

Felemu. Sankhani yopanda mtanda wa pakati, ija kwathu timati yachizimayi. Abambo musachite nayo manyazi. Kuponya mwendo pamwamba pa chishalo nyonga ikuwawa ndi pamene ambiri amagwera, njinga isanayambe n'kuyenda komwe.

Kulemera. Njinga zambiri zamagetsi zimalemera makilogalamu 20 mpaka 28. Ngati mumakhala m'nyumba yam'mwamba yopanda lifiti, ganizirani kaye kumene muziisunga. Kuinyamula pa masitepe kungawononge zonse zimene kupalasa kwakonza.

Kanyamukidwe ka mota. Zina zimayamba mwadzidzidzi pedulo ikangozungulira, zina zimamva mphamvu ya phazi lanu n'kuthandiza pang'onopang'ono. Zachiwirizi ndi zabwino kwa munthu amene anasiya kalekale kupalasa.

Chishalo. Chikatsika kwambiri, bondo limapindika mopitirira ndipo limawawa kutsogolo. Chikakwera kwambiri, kumbuyo kwa bondo kumakokeka ndipo chiuno chimagwedezeka. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Mukabwezera kutsogolo kwa phazi pa pedulo, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo pamenepo ndiye poyenera.

Mahandulo ndi mabuleki. Ngati zala, manja kapena khosi zimawawa, mahandulo akhale okwera kuti mukhale chowongoka, zogwirira zikhale zonenepa, ndipo mabuleki akhale ofewa oti zala ziwiri n'kuimitsa njinga.

Magiya. Lamulo lalikulu la bondo ndi ili: giya yopepuka, miyendo izizungulira msanga, maulendo 60 mpaka 80 pa mphindi. Ife amene tinazolowera kuona akabaza akukankha giya imodzi yolemera atanyamula thumba la chimanga tiyenera kusiya chizolowezi chimenecho. Musanaime pa maloboti, tsitsani giya kuti ponyamuka musavutike.

Mlingo wake: masabata 6 oyambirira

Malangizo a dziko la Ireland otchedwa Every Move Counts, amene anatuluka mu 2024, amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi kwa maola awiri ndi theka mpaka maola 5 pa sabata, komanso zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Kumeneko ndi kumene tikupita, si poyambira. Nachi chitsanzo chimene mungakambirane ndi dokotala wanu wa mafizo:

- Sabata 1 ndi 2: mphindi 10, katatu pa sabata, pamalo athyathyathya, thandizo la mota likhale lapakati kapena lalikulu. Muzidumphitsa tsiku.
- Sabata 3 ndi 4: mphindi 15 mpaka 20, katatu kapena kanayi pa sabata. Pamalo osalala yesani kutsitsa thandizo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako bwezerani.
- Sabata 5 ndi 6: mphindi 25 mpaka 30, kanayi kapena kasanu pa sabata. Yambani kuika ulendo weniweni, monga wa kuntchito, kusitolo kapena kutchalitchi.

Musawonjezere nthawi ndi kutsitsa thandizo la mota pa tsiku limodzi. Sinthani chinthu chimodzi, muone mmene bondo layankhira.

Pali miyeso iwiri yokuuzani ngati mlingo uli bwino. Woyamba ndi mpweya. Muzitha kulankhula ndi mnzanu koma osatha kuimba nyimbo. Ngati mukutha kuimba korasi yonse, mota ikukugwirirani ntchito, tsitsani thandizo. Wachiwiri ndi ululu. Uyezeni kuyambira pa 0, kutanthauza palibe ululu, mpaka 10, ululu wosapiririka. Mpaka pa 3 pitirizani. Pa 4 kapena 5 wonjezerani thandizo, pepukitsani giya, ndipo onetsetsani kuti pofika mawa lake ululu wabwerera pamene umakhala masiku onse. Ukapitirira 5, kapena ukakhala wobaya, kapena bondo likatupa, lekani, pumulani tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mukayambiranso yambani ndi theka la nthawi ija. Lembani zimenezi m'kabuku kapena pa foni kuti mukaonetse dokotala.

Dziwaninso kuti njinga silimbitsa mafupa ngati mmene kuyenda pansi kumachitira. Pitirizani kuyenda mtunda umene mungathe. Kawiri pa sabata chitani mafizo osavuta, monga kudzuka pampando n'kukhalanso maulendo 10 osagwira ndi manja, kupuma, n'kubwerezanso. Ngati thupi ndi lonenepa, kilogalamu iliyonse imene mwachotsa imachepetsa katundu wa pabondo ndi makilogalamu pafupifupi 4 pa sitepe iliyonse.

Kumene mungayambire kuno ku Dublin 15

Tsiku loyamba pitani pamalo opanda magalimoto kuti muphunzire kunyamuka, kuima ndi kukhota. Yambani mota ili pa thandizo lochepa kuti isakudzidzimutseni, ndipo gwirani mabuleki pokwera ndi potsika.

Mukazolowera, njira ya m'mbali mwa Royal Canal kuchokera pa 12th Lock ku Castleknock kulowera ku Ashtown ndi yosalala, yopanda zitunda zovuta, ndipo imadutsa pamwamba pa msewu wa M50 popanda kukumana ndi galimoto. Kumbukirani kuti mumayendanso anthu apansi, ana ndi agalu, choncho chepetsani liwiro ndipo imbani belu. Koma musalowere mbali inayo, ya ku Coolmine ndi Clonsilla, pamalo otchedwa Deep Sinking. Njira yake ndi yopapatiza, ya mizu ndi matope, ndipo madzi ali pansi pa phompho.

Phoenix Park, imene kukula kwake ndi mahekitala 707, mukhoza kuilowera pa geti la Castleknock. Msewu wake waukulu wa Chesterfield Avenue uli ndi njira za njinga, ndipo magalimoto saloledwa kupitirira makilomita 30 pa ola. Mukadzalimba, Royal Canal Greenway, imene inatsegulidwa mu 2021, imayambira ku Maynooth mpaka ku Cloondara m'chigawo cha Longford, mtunda wa makilomita 130. Palibe amene akukuuzani kuti muimalize. Kachigawo kochepa pa Loweruka ndi banja lanu n'kokwanira.

Mankhwala ndi njinga

Apa ndi pamene pali ntchito yanga, ndiye ndilankhula mosabisa.

Pa ululu wa bondo, yambani ndi mankhwala opaka, monga diclofenac kapena ibuprofen wopaka. Amalowa m'magazi pang'ono chabe poyerekeza ndi akumwa. Musapake pa bala, ndipo sambani m'manja mukatha.

Bufeni wakumwa ndi abale ake, monga diclofenac, naproxen ndi indosidi, amachepetsa ululu koma akhoza kuyambitsa zilonda za m'mimba, kukweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso. Mlingo wa ibuprofen wogula popanda kalata ya dokotala usapitirire mamiligalamu 1,200 pa tsiku, kwa masiku ochepa. Funsani kaye ngati muli ndi mphumu, vuto la mtima, la impso kapena la m'mimba, ngati ndinu oyembekezera, kapena ngati mukumwa mankhwala awa: ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin ndi apixaban, a kuthamanga kwa magazi monga ramipril ndi losartan makamaka pamodzi ndi okodzetsa, komanso ma ARV okhala ndi tenofovir. Zimene mungatiuze mu famase ndi zachinsinsi, ndipo muli ndi ufulu wopempha kukalankhulira m'kachipinda.

Paracetamol, amene tinazolowera kumutcha panado, asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24, ndipo mlingo umatsika kwa munthu wochepa thupi, womwa mowa kwambiri kapena wa vuto la chiwindi. Mankhwala ambiri a chimfine, monga Lemsip, alinso ndi paracetamol, ndiye muziwerengera pamodzi. Pa osteoarthritis sathandiza kwenikweni. Malangizo a NICE aja salimbikitsanso glucosamine, choncho ndalama zimenezo kuli bwino muziike pa helimeti ndi nyali.

Solpadeine ndi Nurofen Plus ali ndi codeine. Tikamakufunsani mafunso ambiri musanagule si chipongwe. Mankhwalawa sayenera kupitirira masiku atatu chifukwa thupi limawazolowera. Codeine, tramadol, pregabalin ndi amitriptyline amabweretsa tulo ndi chizungulire. Musakwere njinga ngati mutu sunayere, ndipo mowa ndi njinga siziyenderana ngakhale pamaso pa lamulo.

Musamwe mapiritsi n'cholinga chakuti mupalase mtunda woposa umene bondo likulola. Mukatero mwatseka pakamwa mlonda amene akanakuchenjezani.

Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa gliclazide aziyeza shuga asananyamuke ndipo azinyamula maswiti kapena juwisi. Amene akumwa bisoprolol kapena atenolol asadalire wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, chifukwa mankhwalawa amachepetsa kugundako. Agwiritse ntchito muyeso wa kulankhula uja. Mukapatsidwa ciprofloxacin, imikani kaye njinga, chifukwa nthawi zina amafooketsa mtsempha wa kuchidendene mpaka kuduka. Ngati mukumwa ochepetsa kuundana kwa magazi ndipo mwagwa n'kumenyetsa mutu, pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino.

Pomaliza, vitamini D. Kuno dzuwa ndi lochepa, ndipo khungu lakuda limapanga vitaminiyu mochedwa. Kuperewera kwake kumabweretsa kuphwanya kwa mafupa ndi kufooka kwa minofu. Malangizo a ku Ireland amati achinyamata ndi akuluakulu a khungu lakuda azimwa mamaikologalamu 15 tsiku lililonse chaka chonse. Sachiza osteoarthritis, koma amateteza mafupa. Ngati mulibe medical card, lembetsani Drugs Payment Scheme kuti banja lanu lisalipire zoposa €80 pa mwezi pa mankhwala ovomerezeka olembedwa ndi dokotala.

Nyengo yozizira ndi batire

Mu December dzuwa limalowa 4 koloko itangopitirira. Valani jekete yowala, yatsani nyali ngakhale masana kukachita mdima, ndipo fundani mawondo ndi manja. Masamba onyowa, zitsulo za pamsewu ndi madzi oundana osaoneka zimagwetsa ngakhale akatswiri. Njinga yamagetsi ndi yolemera, imachedwa kuima, choncho yambani kugwira mabuleki mukadali patali. Tsiku la chisanu choundana siyani njinga. Palasani yoima malo amodzi kunyumba kapena ku jimu, kapena kayendeni m'madzi ku National Aquatic Centre ku Abbotstown.

Ozimitsa moto a Dublin Fire Brigade amachenjeza kawirikawiri za mabatire a njinga. Gwiritsani ntchito chaja imene inabwera ndi njingayo. Musachaje mukugona kapena mutachoka, ndipo musachajire pakhomo kapena m'khonde limene mungathawire moto utabuka. Batire likatupa, likatentha modabwitsa kapena likayamba kununkha, lisiyeni. Kwa ife amene timakhala ambiri m'nyumba imodzi, nkhani imeneyi ikukhudza moyo wa anthu onse a m'nyumbamo.

Nanga makolo athu kumudzi?

Ambiri timatumiza makatoni a mapiritsi kwa amayi kapena agogo amene akudandaula nyamakazi. Ndikupempha kuti musatumize bufeni wambiri kwa munthu wachikulire amene sanayezetse kuthamanga kwa magazi, shuga ndi impso. Afunseninso dzina la mapiritsi amene akugula pa golosale kapena kumsika. Ngati ndi prednisolone kapena dexamethasone ndipo amwa nthawi yaitali, asasiye mwadzidzidzi, apite kuchipatala. Mfundo ya phunziro lino imagwira ntchito ngakhale kumene kulibe njinga yamagetsi. Njinga yakapalasa yokhala ndi magiya, chishalo chokwera bwino, njira yathyathyathya, opanda katundu pa keliyala, mphindi 10 poyamba: mlingo wake ndi womwewo.

Zoti muchite sabata ino

Lembani mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo ogula nokha ndi azitsamba, mupite nawo ku famase. Werenganinso zizindikiro zoopsa zija, ndipo ngati chimodzi chikukukhudzani, panganani tsiku ndi GP. Funsani za dokotala wa mafizo wolembetsedwa ku CORU, komanso za maphunziro a odwala nyamakazi amene bungwe la Arthritis Ireland limachititsa. Funsani kuntchito ngati ali mu Cycle to Work Scheme. Kenako kayeseni njinga kusitolo musanatulutse ndalama.

Mayi aja mawondo awo sanabwerere mwakale, ndipo njinga siinachize matendawo. Masiku a mvula yambiri amakwerabe basi, ndipo pali masabata amene bondo limatupa n'kubwerera pa mphindi 10. Koma bufeni wa tsiku ndi tsiku anasiya, zotsatira za impso zili bwino, ndipo ntchito akugwirabe. Atabwera kudzatenga mankhwala awo a mwezi watha, helimeti ili m'manja, ndinawafunsa za bondo. Anati, "Likadalipo, mwananga, koma tsopano tikumvana. Pang'onopang'ono ndi mtolo."